Galimoto yosalira imene imagona pakhomo panga

Kwathu ku Mabvuku, nyengo imene magetsi akuvuta, amabwera cha m'ma 10 koloko usiku. Sindichita kuyang'ana babu. Firiji ikangoyamba kung'ung'udza, ndimadziwa kuti tsiku langa layamba. Ndine wowotcherera zitsulo: mageti, zitsulo za m'mawindo, nsanja zoikapo mathanki a madzi. Munthu wa ntchito ngati yanga mu Harare muno anazolowera kalekale kugwira ntchito nthawi ya afiti. Chatsopano n'chakuti masiku ano ndisanavale n'komwe ovolosi, foni imalira. "Amalume, abwera?" Ameneyo ndi mwana wa achemwali anga. Masana pagulu amanditchula kuti sekuru, ngati anzake onse obadwira kuno. Akati "amalume" m'chiyankhulo cha agogo ake ndiye kuti pali chimene akufuna, ndipo chimene amafuna usiku uliwonse n'choti ndituluke ndikaone ngati tinyali ta buluu ta pagalimoto yake yamagetsi tayamba kuphethira, kusonyeza kuti ikutchaja.

Anabwera nayo Loweruka lina masana, Nissan Leaf yoyera, yoti inayendapo kale ku Japan. Galu wathu, amene amauwa ngakhale njinga, sanadzuke. Mayi a kunyumba anatuluka n'kupeza galimoto itaima kale pabwalo, ndipo mawu awo oyamba anali akuti, "Kodi mwachita kukankha?" Ine ndinaizungulira kawiri, ndinagwada kufunafuna paipi ya utsi, kenako ndinamuuza mosapsatira kuti wataya ndalama. Dziko loti nsima timaphikira pankhuni m'nyumba zokhala ndi mawaya, iwe n'kukagula galimoto yodya magetsi? Anangoseka. Zake anali atawerengera kale. Kuyambira Januwale 2025 boma linatsitsa msonkho wa magalimoto amagetsi kuchoka pa 40 kufika pa 25 peresenti, ndipo n'chimene chinamulimbitsa mtima. Komabe sinali yotchipa. Kuyambira 2021 galimoto yopitirira zaka khumi sailola kulowa, choncho zakalekale zija za mtengo wa mbuzi sizifikanso kuno. Iye anagula ya batire la 40 kWh, kapena kuti mayunitsi 40 a magetsi, ndipo ndalama imene inatuluka m'thumba mwake, kuphatikizapo ya sitima ndi ya paboda, ikanamugulira Honda Fit n'kutsalako yoyambira nkhani za ukwati. Achemwali anga mfundo imeneyi saiiwala kumukumbutsa.

Yanga ndi pikapu ya dizilo, yamkulu kuposa mwana wanga womaliza. Chitseko chakumanzere chimatsegukira kunja kokha. Koma mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo: ana onse anaphunzira ndi ndalama ya mageti amene pikapu imeneyi inanyamula.

Ndili ndi kope limene ndimalembamo chilichonse cholowa m'pikapumo, chizolowezi chimene ndinatengera kwa malemu bambo anga, amene ankalemba ngakhale mtengo wa machesi. Pa makilomita 100 aliwonse, nditasenza zitsulo, imamwa malita 9 kapena 10. Pamene ndinkawerengera, dizilo ankayenda cha m'ma dola ndi theka pa lita, nthawi zina kupitirirako. Ndiye kuti makilomita 100 amandidyera madola 14 kapena 15. Ya mnyamatayo, pamtunda womwewo, imadya mayunitsi 17 kapena 18 tikawerengera pamita. Ngakhale titati yunitsi imodzi ndi masenti 25, ndi madola anayi ndi theka basi. Ndinawerengera katatu, kachitatu nditavala magalasi, poganiza kuti penapake ndadumpha nambala. Ayi ndithu. Ndinatseka kope, osamuuza kanthu kwa milungu iwiri.

Si matsenga. Lita imodzi ya dizilo ili ndi mphamvu yofanana ndi mayunitsi pafupifupi 10 a magetsi, koma injini imataya yoposa theka, kutenthetsa mpweya. Amene akukayika akagwire boneti ya pikapu yanga ndikangofika kuchokera ku Magaba. Mota yamagetsi pafupifupi zonse zimene yalandira imazipereka kumatayala. Ndiponso m'mawa, pamene tonse timakhala titathithikana pa Mutare Road cha ku Msasa, yanga imangomwabe ili chiimire, pamene yakeyo imakhala phee ngati yazima, ndipo akaponda buleki imabwezera kamoto kena m'batire. Mzinda wa mizere ya magalimoto ngati uno ndiye kwawo kwenikweni kwa galimoto yotere. Zimandiwawa kunena, koma ndanena.

Ndikapita kumasamba akumbuyo a kope lija, kumene ndimalemba za amakaniko, manyazi amawonjezeka. Oyilo ndi mafyuluta pa makilomita 5,000 aliwonse. Kilatchi. Lamba. Mapulagi otenthetsa, amene amasankha kufa m'mawa wa mu Juni uli ndi geti la munthu loti ukapereke. Chaka china ndinagula dizilo wam'mgolo kuseri kwa nyumba ya munthu chifukwa anali wotsikirako mtengo, ndipo mainjekitala anandilipiritsa ndalama yoti ndikanagula dizilo wabwino miyezi inayi. Safunsa anadya phula. Mnyamatayo zonsezi alibe. Alibe oyilo wa injini, alibe kilatchi, alibe paipi ya utsi yoti ndimuwotcherere. Chimene chamudyera ndalama mpaka pano ndi matayala awiri amene anaphulikira m'dzenje nthawi ya dzinja, ndipo limenelo si vuto la magetsi, maenje a mumsewu sasankha.

Mantha ake ali pena. Batire lili pansi, kumimba kwa galimoto, ndipo galimotoyo ndi yofupika miyendo, moti pahampu iliyonse amakwera chopingasa ngati nkhanu. Padashibodi pali timizere 12 tosonyeza thanzi la batire, ndipo amatiyang'ana monga mayi ayang'anira khadi la mwana kusikelo. Batire lililonse limakalamba, ndipo kutentha kumalikalambitsa msanga. La mtundu umenewu silizizira ndi madzi ngati a magalimoto ena amagetsi. Mwayi wake ndi wakuti Harare ali pamtunda ndipo satentha ngati kuchigwa cha Zambezi, komabe mu Okutobala amasaka mthunzi kuposa mbuzi. Tsiku limene batire lidzatope, sipadzakhala zongothamangira ku Kaguvi Street kapena ku Gazaland, kumene chitsulo chilichonse cha pikapu yanga umachipeza usanamalize kuchitchula dzina. Makaniko wanga wa pansi pa mtengo anasuzumira kamodzi, anaona mawaya onenepa a olenji aja, n'kubwerera chambuyo manja ali kumsana. Sindinamuseke. M'menemo mumayenda mavoti oposa 300, ndipo ine amene ndimadya ndi moto wamagetsi ndimadziwa kuti sapereka mpata wachiwiri.

Koma chimene chinabweretsa galimotoyi pakhomo panga si batire. Ndi mita.

Mnyamatayo amachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ina ku Tafara. Mita ndi imodzi, mabanja ndi atatu, ndipo mwezi ukatha amasonkherana kugula tokeni. Aliyense wokhala kuno amadziwa mmene mtengo wa magetsi umayendera: mayunitsi oyambirira a mwezi ndi otsika, ukamaonjezera mtengo umakwera masitepe. Mabanja atatu aja anali ndi luso lawo losafika pamasitepe apamwamba. Ketulo ankaphikira pagasi, kusita kunali kwa Lamlungu lokha. Ndiye mwadzidzidzi pabwera mlendo wodya mayunitsi 7 kapena 8 usiku uliwonse. Tokeni imene inkafika pa 25 pa mwezi inathera pa 12, ndipo yachiwiri anaigula pamtengo wa anthu olemera. Iye anati alipira gawo lake. Koma gawo lake ndi liti? Mayunitsi otchipa aja anadya ndani, galimoto kapena firiji ya mayi wa chipinda chapakati? Nkhani imeneyi ngakhale nyakwawa sikanaigamula. Kuonjezera apo, poti pabwalo panalibe soketi, ankatulutsa chingwe pawindo, chija cha m'shopu chimene amapangira wailesi ndi kutchaja mafoni. Usiku wina mwini nyumba anamva fungo la pulasitiki, anapeza pulagi itasungunuka n'kumatirira kukhoma. M'mawa mwake anamuuza mwaulemu wonse kuti asankhe, chipinda kapena galimoto.

Atandifotokozera sindinadabwe. Ketulo imakoka moto wambiri, koma kwa mphindi zitatu. Galimoto imakoka maampu 10 kwa maola ambiri osapuma, ndipo waya woonda kapena sikuluu yosamanga bwino imayamba kufunda pang'onopang'ono mpaka kupsa. Kuwekishopu kwanga ndinakokera kale waya wonenepa wa makina owotcherera, wokhala ndi buleka yakeyake. Ndinangoonjezera soketi imodzi yolimba ndi kamita kakang'ono kowerengera zake zokha. Tsopano madzulo amaimika galimoto mkati mwa mpanda wanga, amalowetsa chingwe, n'kuyenda wapansi kupita ku Tafara. M'mawa 6 koloko amabwera kudzaitenga, ndipo nthawi zambiri amapezanso tiyi. Mayi a kunyumba akuti tiyi ameneyu tizimuwerengeranso pamtengo wa kilomita.

Apa m'pamene ndinaona chimene masamu a m'kope sananene. Madola anayi ndi theka aja ndi oona, koma ndi a munthu amene ali ndi mpanda wake, mita yake, ndi soketi imene galimoto ingagone pafupi nayo. Kutchipa kumeneku kumayamba kufikira amene ali nazo kale. Wa m'mafulati a ku Mbare, amene galimoto yake imagona kwa mlonda wolipidwa dola pa usiku, chingwe chake adzachikokera kuti? Mnyamata wanga akupindula chifukwa ali ndi malume wokhala ndi geti. Geti lomwelo ndinawotcherera ndekha.

Za kuzimazima kwa magetsi ndinkaganiza kuti ndi pamene ndidzamupezerere, koma zinanditembenukira. Ntchito yake ili m'tauni, makilomita pafupifupi 40 kupita ndi kubwera. Magetsi akabwera 10 koloko n'kupita 5 koloko m'mawa, ndi maola asanu ndi awiri, ndipo pasoketi wamba amenewo ndi mayunitsi 15 kapena 16, okwana masiku awiri a ulendo wake. Nthawi imene magetsi amapezeka ndi yomwe galimoto imakhala ikugona. Amene amavutika ndi dongosolo limeneli ndi ine wofuna kugwira ntchito masana, osati iye.

Bambo anga akanakhala moyo akanaseka nazo. Anachoka ku Ntcheu nthawi ya chitaganya, ndipo asanafike ku Salisbury, amene lero ndi Harare, anayamba asenza matumba a simenti ku Kariba, pamodzi ndi anyamata ena ambiri a ku Nyasaland, akukalipiridwa ndi akapitawo a ku Italy m'chiyankhulo chimene sankachimva. Khoma la damu limene ankamangalo linatha mu 1959. Iwo ankakonda kuloza babu n'kunena kuti muli thukuta lawo. Sanaone Novembala wa 2022, pamene madzi opangira magetsi m'nyanja ija anatsala osakwana 5 peresenti, mpaka a Zambezi River Authority kulamula kuti mbali ya Zimbabwe ileke kutapa madzi. Masiku amenewo tinkakhala mumdima maola 18 kapena kuposa. Mu 2023 anatsegula makina awiri atsopano oyendera malasha ku Hwange, a mamegawati 600, ndipo zinapepukirako, chilala cha 2024 chisanatibwezerenso mmbuyo. Choncho ndikafuna kumuputa mnyamatayo ndimamuuza kuti galimoto yake imayendera malasha, kungoti utsi wake amapuma ndi a ku Hwange. Iye amayankha kuti wanga timapuma tonse pompano. Pamenepo ndimasintha nkhani.

Chimene chinamugwetsa ndi akuba. Anabwera usiku n'kukhetsa mafuta a thiransifoma ya m'dera lathu, n'kusolola ndi kopa yemwe. Tinakhala masiku asanu ndi anayi opanda ngakhale kuphethira. Tsiku lachinayi batire linali litatsala pang'ono, ndipo anandipempha kuti tiyese jenereta yanga. Inatchaja ndithu, titavutika kaye ndi waya wa pansi. Koma jenereta yaing'ono ya petulo imapereka mayunitsi osakwana awiri pa lita. Chitani masamu nokha: mayunitsi 17 ndi malita 9 kapena 10, ndendende zimene pikapu yanga imamwa, kuonjezera phokoso la usiku wonse ndi maneba otukwana. Tinaleka. Masiku otsalawo anakwera kombi ngati wina aliyense, ndipo tsiku lina ndinamunyamula kumbuyo kwa pikapu, pakati pa mapaipi, atavala taye. Walira mvula walira matope.

Anzanga kutchalitchi amati yankho ndi sola. N'zoona, koma osati sola imene ambiri tili nayo. Batire la m'nyumba lofala kuno ndi la 5 kWh, lokwana mababu, firiji ndi TV. La galimoto ndi lalikulu kasanu ndi katatu. Kutchaja galimoto ndi batire la m'nyumba kuli ngati kudzaza thanki ndi ndowa. Njira yanzeru ndi kumwetsa galimoto masana dzuwa lili pamutu, molunjika kuchokera kumapanelo, koma masana galimoto imakhala m'tauni, pamalo oimikapo olipira. Kupatula Loweruka ndi Lamlungu.

Ndisanamizire kuti dizilo sanandigonekepo panja. Kumapeto kwa 2018 ndi mu 2019 ndinagona m'pikapu mausiku osawerengeka, pamzere wa mafuta woyambira pasiteshoni mpaka kukhota misewu iwiri, tikudikira thanka imene wina anamva kuti ikubwera. Mu Januwale 2019 mtengo unakwezedwa kuposa kawiri usiku umodzi, ndipo zimene zinatsatira m'misewu tonse tikuzikumbuka. Dontho lililonse la dizilo wa kuno limachokera kunja, lambiri kudzera m'paipi ya ku Beira yodutsa ku Feruka n'kufika ku Msasa, ndipo limagulidwa ndi madola a ku America. Dzuwa la ku Mabvuku silidutsa paboda.

Pali china chimene chimandiseketsa ndikamapita kukaika mageti cha ku Goromonzi. Kumeneko, pamtunda wosakwana ola limodzi kuchokera pakhomo panga, kuli mgodi wa lithium wa Arcadia, umene kampani ya ku China ya Huayou inagula mu 2022 pamtengo wa madola 422 miliyoni. Ku Bikita kulinso wina. Mwala wopangira mabatire ukutuluka m'nthaka yathu yomweyi, ndipo wakhala ukupita kunyanja pamsana pa malole a dizilo amene amatikankhira kumbali kwa msewu. Udzabwerera kuno patapita zaka, uli m'mimba mwa galimoto yoti wina anaitopa nayo kale, ife n'kulipira msonkho.

Nanga bwanji sindigulitsa pikapu? Yankho loyamba ndi losavuta: geti la mamita anayi silikwera pa Leaf. Koma ndikanena zoona, yankho limene ndimapereka anthu akandifunsa ndi lina. Ndimati, nanga kumudzi?

Kuchoka kuno kupita ku Nyamapanda ndi makilomita pafupifupi 240, kudzera ku Murehwa ndi ku Mutoko. Galimoto ya mnyamatayo, itadzaza anthu ndi matumba, singafike n'komwe pachipata osapuma, ndipo m'njira imeneyo maso anga sanaonepo potchajira. Ukawoloka, pali Changara, kenako kutentha kwa ku Tete kumene ngakhale madzi a m'botolo amasanduka tiyi, mlatho wa pa Zambezi, mapiri a ku Zobue, n'kulowa pa Mwanza. Chodabwitsa n'chakuti chigawo chomwecho cha Tete ndiye kuli damu la Cahora Bassa, limene magetsi ake amakafika mpaka ku South Africa. Moto ulipo wambiri, koma ukudutsa pamwamba. Ine ndimadzaza thanki ku Msasa, ndimamangirira zigubu ziwiri kumbuyo, ndipo ndimakafika ku Ntcheu osapempha soketi kwa munthu. Uthenga wa zovuta subwera ndi nthawi yoti uyambe watchaja. Pamene azakhali anatisiya, foni inalira 4 koloko m'mawa, ndipo 6 koloko tinali titadutsa kale Murehwa, anthu asanu ndi mmodzi, thumba la ufa ndi nsalu.

Ndinanena zimenezi tsiku lina pachakudya, mokweza mawu ndithu, ngati munthu amene watseka mlandu. Mayi a kunyumba anapukuta m'manja, anakatenga kope langa lomwe lija, n'kuyamba kutsegula masamba. Anandifunsa kuti pazaka zisanu ndi chimodzi zapitazi, pikapu yawoloka Nyamapanda kangati. Tinawerenga. Katatu. Maulendo ena onse tinakwera basi, poti pikapu ikawoloka malire imafuna mapepala ake, inshuwalansi ndi ndalama za m'zipata za mayiko awiri, ndipo ukaphatikiza zonse basi imapepuka. "Ndiye kuti mumamwetsa dizilo chaka chonse chifukwa cha ulendo umene mumayenda kamodzi pa zaka ziwiri," anatero. Ndinati si choncho. Anati nanga n'chiyani?

Ndinalibe yankho loti n'kulemba m'kope. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'gulu lathu la maliro, la ife a kwathu okhala ku Mabvuku ndi ku Tafara, zikachitika foni yoyamba imabwera kwa ine. Pikapu ndi imene imatuta nkhuni, mipando ya kutchalitchi, mapoto akuluakulu ndi migolo ya madzi, ndipo kangapo konse yanyamulapo bokosi. Bambo anga analibe galimoto, koma anali ndi njinga yakapalasa imene inkabwerekedwa ndi msewu wonse. Mwina ndinalowa m'malo mwawo osadziwa. Dizilo wa ntchito imeneyo sindinamulembepo m'kope, ndipo Leaf, ngakhale itakhala yaulere, migolo iwiri ya madzi singanyamule.

Chokhacho, maulendo ang'onoang'ono ndayamba kubwereka yake. Lamlungu lapitali ndinapita nayo ku Highfield kukaona wodwala. Paroboti ndinkangofuna kuilizanso poganiza kuti yazima, ndipo mwendo wamanzere unkapondaponda pansi kusaka kilatchi. Ndinamva mayi a kunyumba akuyimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, chinthu chimene mwina akhala akuchita m'pikapu zaka zonsezi ine osamva. Titabwerako ndinayang'ana kamita kaja. Ulendo wonse sunakwane madola atatu.

Sabata ino, pakati pa maoda a anthu, ndakhala ndikudula zitsulo zina zimene palibe anaitanitsa. Ndi nsanamira zinayi ndi denga lopendekera kumpoto, kumene dzuwa la kuno limadutsa, lokwana mapanelo asanu ndi atatu. Mapanelowo sindinagule, ndalama yake sinapezeke. Dzulo usiku, ndili mkati mowotcherera, mayi a kunyumba anatuluka atafunda chitenje, anaima patali kuopa kuwala, n'kuyang'ana m'lifupi mwake.

"Pakukwana magalimoto awiri apa," anatero.

Ndinakweza chigoba n'kuwauza kuti chitsulo chinangobwera chachitali, ndipo kudula kukanakhala kuwononga.